Galimoto yatsala ku Zambia, a inshuwalansi akuti ndibweretse ndekha

Lachiwiri m'mawa

Bambo a Chiso: Akuluakulu mwadzuka bwanji. Pepani ndilemba zambiri, mutu sukugwira. Loweruka tinali ku Kulamba ku Mkaika, ine, mayi akunyumba, apongozi aakazi ndi mlamu wanga. Lamulungu pobwerera, titangopitirira Katete kulowera ku Chipata, tinachita ngozi. Wanjinga wina atasenza matumba a makala anangokhotera mumsewu, pomuzemba tinakawombana ndi pickup yochokera kutsogolo. Tonse tili moyo, Mulungu ngwabwino. Apongozi bondo latupa. Mayi wina amene anakwera kumbuyo kwa pickup anathyoka mkono, anathamangira naye ku chipatala cha mishoni ku Katete konko. X-Trail yanga kutsogolo kulibe. Bampala, boneti, radiyeta, nyali ya kumanja, ma airbag onse awiri anaphulika. Ili pa polisi kumeneko, ife tabwera pa basi dzulo. Ndili ndi inshuwalansi ya comprehensive, ija yolipira ngakhale galimoto yako yomwe, komanso ndinagula Yellow Card, inshuwalansi yoyendera kunja, ndisananyamuke. Ndaimbira kampani yanga, mtsikana wa pa foni akuti bweretsani galimotoyo ku Lilongwe tidzaione. Ndiibweretsa bwanji yosayenda? Nanga Yellow Card ija ndinagulira chiyani? Mwini pickup naye wandiimbira kasanu ndi kawiri chiyambire dzulo. Amene munadutsamo mu zoterezi tandiunikirani.

Nangozo wa ku 49: Mayo ine! Pepani kwambiri bambo. Chitsulo chimagulidwa, moyo sugulidwa. Agogo apite nawo kuchipatala ngakhale akukana, bondo la munthu wamkulu silichedwa kuvuta.

Madala a Thiraki: Pepani achimwene. Msewu umenewo tsiku lobwerera ku Kulamba umakhala ngati msika, mabasi, malole odzaza anthu, njinga, ngolo, zonse pamodzi. Koma ndikuuzeni chilungamo msanga musataye nthawi: Yellow Card siikonza galimoto yanu. Ndi ya anthu amene mwawapweteka kunjako. Yanuyo ikakhala kuti ilipiridwa, ilipiridwa ndi comprehensive.

Bambo a Chiso: Madala, pogula anandiuza kuti ndi iyi mwatetezeka dziko lililonse la COMESA.

Madala a Thiraki: Kutetezeka kwake nkwakuti apolisi sakugwirani pa roadblock, ndipo mukapweteka munthu simugulitsa nyumba. Zathera pomwepo.

Achemwali a Claims: Ndagwira ntchito ya ma claim zaka zingapo, ndiyankheko. Madala akunena zoona. Yellow Card ndi third party, ija yolipira anthu ena osati inuyo, yomwe mumayenda nayo kunja. Imalipira monga mmene lamulo la dziko lomwe ngozi yachitikira likunenera, malire akenso ndi a kumeneko, osati a kwathu kuno. M'maiko ena imafika mpaka pa katundu wa munthu winayo, kwina imathera pa ovulala ndi omwalira. Mulinso kandalama kochepa ka chithandizo chamwadzidzidzi cha dalaivala ndi omwe anakwera nanu, choncho malisiti a bondo la apongozi musataye.

Chomwe ambiri sadziwa nchakuti claim ya Yellow Card simukaitula ku kampani yomwe inakugulitsani. Dziko lililonse lomwe lili mu ndondomekoyi lili ndi ofesi yake, amati National Bureau. Ngozi yachitikira ku Zambia, ndiye bureau ya ku Zambia ndiyo ilandire nkhaniyo, ifufuze, ilipire wovulalayo, kenako iwo okhaokha akabwezerana ndi a kuno. Ma adiresi ake amakhala pa khadi pomwepo. Alembereni lero, kalata yooneka ndi maso, osati foni yokha.

Tsono za galimoto yanu ndifunse zinthu zitatu. Pa policy yanu, pomwe alemba za dera lomwe inshuwalansi ikugwira ntchito, palembedwa chiyani? Munailembetsa pa mtengo wanji? Nanga amayendetsa ndani?

Bambo a Chiso: Policy ili mu galimoto momwemo, mu kabokosi ka kutsogolo. Ndiwapempha anditumizire ina pa email. Mtengo ndi K8 miliyoni. Amayendetsa ndi mlamu, ine ndinali nditagona mochedwa Loweruka.

Dolo wa pa Biwi: Kugona mochedwa kkkkk tamva bwana, ku Mkaika sikumwedwa tiyi.

Achemwali a Claims: Munachita bwino kumpatsa wina chiwongolero ngati zinali choncho. Mlamuyo laisensi ali nayo? Anatenga liti?

Bambo a Chiso: Ali nayo, anatenga chaka chatha. Ali ndi zaka 24.

Dolo wa pa Biwi: Apo ndiye mwaziputa. Bwana mverani ine, ndakonza magalimoto a inshuwalansi osawerengeka. Pa fomu lembani kuti mumayendetsa ndinu. Chinanso, ikokeni galimotoyo usiku idutse boda, muiike cha ku Kamwendo uko, muitane apolisi akwathu, nkhani ikhale yoti yachitikira ku Mchinji. Za kunjazi makampani amangopezerapo pothawira.

Madala a Thiraki: Aise usamuphetse munthu. Galimoto imeneyo inalembedwa potuluka ku MRA, inalembedwanso polowa ku ZRA, a kasitomu a ku Zambia. Pa Mwami pano ndi nyumba imodzi chitsegulireni boda yatsopano ija mu 2022, a Malawi ndi a Zambia amakhala moyang'anizana. Idutsa bwanji usiku yopanda radiyeta osaonedwa? Pasipoti yadindidwa, munthu wagona m'chipatala ndi mkono wothyoka, dzina la mlamu lili m'buku la apolisi. Ukufuna mlandu wa ngozi usanduke wa chinyengo?

Achemwali a Claims: A Dolo, mafaelo otero ndawaonapo akukanidwa ndi maso angawa. Bodza limodzi pa fomu limagwetsa claim yonse, ngakhale mbali yomwe ikanalipiridwa bwinobwino. Bambo a Chiso, nenani zoona. Ma policy ambiri a galimoto za pakhomo amalola aliyense amene mwamuloleza bola ali ndi laisensi. Chomwe chimachitika kwa dalaivala wachichepere kapena wa laisensi yatsopano ndi kuwonjezera excess, ija ndalama yomwe mumayamba mwalipira nokha. Zimawawa, koma sizifanana ndi kukanidwa.

Dolo wa pa Biwi: Chabwino ndabweza mawu. Koma mudzandifuna pa ma spare.

Aphiri a ku Leeds: Kuno zinthu nzosavuta. Ukamapita ku France ndi galimoto ya ku UK, chiyambire 2021 safunanso ngakhale Green Card, yomwe ili ngati Yellow Card ya kwanuko, inshuwalansi yako yomweyo imakwanira pa third party. Mukagundana mumangolemba fomu imodzi nonse awiri, kujambula mmene zinakhalira, kusaina, aliyense ulendo.

Nangozo wa ku 49: Aphiri, galimoto ili ku Katete.

Aphiri a ku Leeds: Ndimangofanizira mayi. Komatu ngakhale kuno, ambiri amadabwa akamva kuti comprehensive yawo ikawoloka nyanja imatha kutsika nkukhala third party yokha ngati sanaonetsetse. Matenda ake ndi amodzi.

Mkamwini wa ku Chipata: Bambo a Chiso pepani. Ine ndili konkuno ku Chipata, zaka khumi ndi chimodzi tsopano. Mwini pickup akufuna zingati?

Bambo a Chiso: Akuti K50,000 tithane pachibale. Apo ayi galimoto yanga siichoka.

Nangozo wa ku 49: 50,000 yokha? Bambo mpatseni lero lomwe, imeneyo ndi ya thumba la chimanga. Ndithandizapo 10.

Mkamwini wa ku Chipata: Kkkkk mayi, kwacha yake ndi ya kuno. Kwanuko ipitirira mamiliyoni atatu, ndipo pamenepo tawerengera mtengo wa ku banki, osati wa anyamata a pa boda.

Nangozo wa ku 49: Ndabweza 10 yanga.

Achemwali a Claims: Musampatse kanthu, musasaine kapepala kalikonse, ngakhale konena kuti tagwirizana tidzakambirana. Pafupifupi policy iliyonse ili ndi chiganizo choletsa kuvomera kulakwa kapena kulonjeza malipiro kampani isanalole. Mukalipira nokha sadzakubwezerani. Akaimbanso muuzeni mwaulemu kuti nkhani ili m'manja mwa a inshuwalansi, mumpatse nambala ya Yellow Card ndi ya policy, basi. Ndipo kutulutsa galimoto pa polisi si iye amalamula.

Bambo a Chiso: Apa ndiye pali vuto lina. Mlamu anamulipiritsa faindi yoyendetsa mosasamala, analipira pompo kuti tizipita poti agogo amadandaula bondo. Pa lisiti palembedwa admission of guilt. Kodi pamenepa sitinavomere kale?

Achemwali a Claims: Lisitilo liperekeni pamodzi ndi fomu, musalibise, adzaliona ndithu mu lipoti la apolisi. Limeneli ndi la mlandu wa pamsewu. Lidzapatsa mphamvu mwini pickup ndi mayi wovulalayo pofuna chipukuta misozi, izo nzoona, koma ndiye ntchito ya third party imeneyo. Pa galimoto yanu comprehensive imalipira ngakhale wolakwa ndinu, bola munthu sanaledzere, laisensi ilipo, galimoto inali ndi mapepala oyenera. Mufotokoze m'kalata kuti zinakhala bwanji, za wanjinga uja ndi za agogo. Mboni zilipo?

Bambo a Chiso: Wanjinga anathawa, anasiya thumba limodzi la makala pamsewu. Ndinalijambula.

Madala a Thiraki: Chithunzi chimenecho chisungeni ngati ndalama.

Lachiwiri madzulo

Mkamwini wa ku Chipata: Pali chinthu chimodzi sindinamve wina akutchula. Mayi wothyoka mkono uja mwamuzonda?

Bambo a Chiso: Ayi. Tinachoka mothamanga, komanso Achemwali akuti tisavomere kanthu.

Mkamwini wa ku Chipata: Apo ndiye ndikutsutsani pang'ono. Anthu a ku Katete ndi ife tomwe, chilankhulo chimodzi, mfumu imodzi, mwachokera ku Kulamba kwa Gawa Undi yemweyo. Mukangoti zii, nkumangoyankha kuti funsani a inshuwalansi, kumudzi kwawo aziti Amalawi aja anagunda munthu nkuthawa ngati agunda mbuzi. Mawa mukafuna mboni, kapena kuti abale ake asakakuukireni pa polisi, mudzayamba bwanji? Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza.

Achemwali a Claims: Sindinati asazonde wodwala. Ndati asalonjeze.

Mkamwini wa ku Chipata: Koma kwathu kuno zinthu ziwirizi zimayendera limodzi mayi. Ukafika pa bedi la wodwala, amalume ake ali pomwepo, afunsa kuti nanga mwaganiza zotani. Uyankha kuti chiyani?

Nangozo wa ku 49: Apite ndi munthu wamkulu wodziwa kuyankhula. Shuga, sopo, kachitenje, ndi kandalama ka phala. Zimenezo palibe khoti lingati ndi kuvomera mlandu, ndi umunthu chabe. Amalume akafunsa, yankho nlakuti tabwera kudzaona mayi athu, za chipukuta misozi zili ndi eni ake amene tinawalipira kuti azithandiza pa tsoka ngati ili, ndipo tikusiyirani nambala zawo. Akatero anthu mtima umatsika.

Achemwali a Claims: Apo ndavomera. Ndipo muwathandize kudziwa zofunika: lipoti la dokotala, malisiti a chipatala, lipoti la apolisi, chiphaso cha mayiyo. Anthu ambiri akumudzi sadziwa nkomwe kuti ali ndi ufulu wolandira kanthu, ena amagwa m'manja mwa madobadoba omwe amadya theka. Mukawaonetsa khomo loyenera mwawachitira zabwino kuposa K20,000 ya m'thumba.

Mkamwini wa ku Chipata: Ndiperekeza ine. Bwerani Lachinayi, mukafike pa Mwami m'mawa, ndidzakutengani ndi motoka yanga.

Madala a Thiraki: Mukapita kumeneko chitani izi. Jambulani galimoto mbali zonse, mkati, mu injini, ma kilomita pa dashboard, matayala onse. Chotsani batire, sipeya, jeke, wailesi ngati imachoka, mupite nazo. Galimoto yogona pabwalo sabata zitatu imayamba kuonda yokha, sindikunena kuti amaondetsa ndani. Ndiye pepala la kasitomu lomwe munalowera nalo, analemba masiku angati?

Bambo a Chiso: 30.

Madala a Thiraki: Ndiye wotchi yanu ndi imeneyo, osati ya a inshuwalansi. Masiku akatha galimoto ikadali mkati, a ZRA amaiona ngati katundu wolowa osalipira msonkho. Mukaona kuti zichedwa, pitani ku ofesi yawo ndi kalata ya apolisi masiku asanathe akakuwonjezereni. Ine zinandionekera ku Mozambique, thiraki inagona mwezi ndi theka kupitirira Tete uko. Ndipo poti ndatchula Mozambique, ena muli muno mumapita ku Joni pa galimoto, mverani. Yellow Card ku Mozambique siigwira ntchito. Pa Zobue kapena pa Calomue mumagula yawo, amati seguro. Mukalowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Yellow Card yayambanso. Tanzania anatuluka mu COMESA kalekale koma Yellow Card amailandira. Lipoti langa la apolisi linali m'Chipwitikizi, kampani kuno inati sitimva, ndinachita kulipira womasulira wovomerezeka. Inuyo mwayi, lanu libwera m'Chingerezi.

Mjoni wa ku Turffontein: Ndipo mukawoloka Beitbridge mwalowa dziko lina. Kuno kulibe Yellow Card, kuli Road Accident Fund, ndalama zake amadula pa lita iliyonse ya mafuta. Koma imalipira anthu ovulala ndi mabanja a omwalira basi, chitsulo ayi. Ndipo kuno lamulo silikakamiza munthu kukhala ndi inshuwalansi ya galimoto, ambiri amangoyenda. Akakugunda wopanda kanthu, uzikamusaka wekha kukhoti. Ukagunda Benz ya mwini uli ndi third party ya ku Malawi yokha, lira.

Admin: Za ku Joni tidzatsegulira tsiku lake. Tiyeni tithandize Bambo a Chiso kaye.

Lachisanu

Bambo a Chiso: Ndabwerako akuluakulu. Choyamba ndithokoze a Mkamwini, munthu uyu anasiya ntchito yake tsiku lonse. Kuchipatala tinapita. Mayi uja amuika pulasitala, ndi wogulitsa tomato, amachokera kokaoda. Amalume ake analipodi monga munanenera, nkhope ili gwa. A Mkamwini anayamba ndi malonje, kufunsa za mvula ya chaka chatha, mpaka zinapezeka kuti agogo awo a mayiyo anachokera cha kwa Mkanda ku Mchinji. Pochoka anatiperekeza mpaka pa geti. Chomwe chinandikhudza, mayiyo sanafunse za mkono, anafunsa kuti nanga mabasiketi ake atatu a tomato amulipira ndani.

Policy ndaipeza. Palembedwa Malawi, komanso Zambia, Zimbabwe, Mozambique, Tanzania, Botswana ndi South Africa pa maulendo osapitirira masiku 30. Ndinapuma. Koma m'munsi mwake muli timalemba ting'onoting'ono: ngozi ikachitikira kunja, mwini galimoto aibweretse ku Malawi ndi ndalama zake, kukonza kuchitikire kuno, ndipo excess ikwera. Mtsikana uja sananame, anangolephera kundifotokozera.

Lipoti la apolisi silinatuluke. Akuti akudikira oyeza galimoto, komanso bwana wosaina anapita ku maliro.

Achemwali a Claims: Mwayi wanu ndi waukulu, ma policy ena amati Malawi basi, kunja uchite kupempha ndi kulipira padera usananyamuke. Fomu ya claim ikaperekeni Lolemba ngakhale lipoti lisanabwere, mulembe kuti likutsatira. Pamakhala masiku oikika odziwitsira kampani, ndipo kuimba foni kuja mawa adzati sitikukumbuka. Tengani makope awiri, ina akudindireni deti mubwerere nayo. Muphatikize laisensi ya mlamu, blue book, COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), Yellow Card, pepala la kasitomu, masamba a pasipoti odindidwa, lisiti la faindi ndi zithunzi. Mufunsenso kuti popeza policy ikugwira ku Zambia, mbali yake ya katundu wa anthu ena ikufika pati pa pickup ija. Iwo ndi a bureau agawane okha kuti walipira chiyani ndani, inu musakhale mthenga wapakati.

Za tomato musaseke, nayenso ndi katundu wa third party. Alembe pa claim yake.

Namaseko wa ku Zomba: Ine ndimangowerenga koma apa ndiyankhule. Yanga inali ya Malawi basi, sindinadziwe. Tinagwa ndi Sienta kupitirira Tunduma tikuchokera kotenga katundu. Yellow Card inalipo, comprehensive inalipo, ndinkayenda modzitama. Kampani inandionetsa mzere umodzi pa pepala, nkhani inathera pomwepo. Galimoto ndinagulitsa konko kwa a ma spare, komabe ndinavutika ndi a kasitomu mbali zonse ziwiri kuti aichotse m'mabuku, poti inatuluka koma sinabwerere. Ngongole ya ku banki ndinamaliza kubweza chaka chathachi, ya galimoto yoti ndinaiona komaliza ili chagada m'ngalande. Broker wanga, mkhalapakati amene anandigulitsa inshuwalansiyo, nditamufunsa kuti bwanji sunandiuze, anati simunafunse.

Nangozo wa ku 49: Safunsa anadya phula, komatu nayenso wogulitsa uchi azinena kuti umu muli phula.

Mkamwini wa ku Chipata: Za lipoti musadandaule, ndizikadutsako Lachiwiri lililonse mpaka atope nane. Mukalipira kalikonse kumeneko, lisiti la boma. Wina akati ndithandizeni ya foni kuti zifulumire, muziti a inshuwalansi akufuna lisiti, amasiya okha.

Dolo wa pa Biwi: Breakdown musatenge imodzi kuchoka ku Katete mpaka Lilongwe, akudulani khosi, poti nayonso iyenera kulipira zolowera dziko la eni. Tengani ya ku Chipata ifike pa Mwami, ya kwathu idikire mbali ino, musamutse. Mnyamata wanga amapita ku Mchinji kawirikawiri. Mwaona, ndinati mudzandifuna.

Patapita sabata zitatu

Bambo a Chiso: Akuluakulu ndabweranso, ndipo lero ndakwiya. Lipoti linatuluka tsiku la 19, galimoto inadutsa pa Mwami tsiku la 24, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti pepala la kasitomu lithe. Ma breakdown awiri andidya K780,000, ya ku Zambia ndinachita kusinthitsa ndalama movutikira, ku banki anati forex kulibe. Makotesheni atatu ndinapereka. Assessor anabwera, anazungulira galimoto ndi tochi, anagwada mpaka kuona chasisi, akuti sinapindike, ikonzeka. Kukonza K5 miliyoni.

Lero kalata yabwera. Akuti andipatsa K2.5 miliyoni, achotsenso excess yanga, ya kunja, ndi ya mlamu. Chotsala ndi K1.9 miliyoni. Chifukwa chake akuti galimoto yanga pa msika ndi ya K16 miliyoni koma ndinailembetsa pa K8 miliyoni. Kodi si kuba kumeneku? Ine ndalipira chaka chilichonse osaphonya. K5 miliyoni ili mkati mwa K8 miliyoni, vuto lili pati?

Achemwali a Claims: Ndinkaopa zomwezi tsiku lija munatchula 8. Mtengo umenewo munauika liti?

Bambo a Chiso: Kumayambiriro kwa 2023, pogula. Chaka chilichonse ndimangoti pitirizani momwemo.

Achemwali a Claims: Ndiye pakati apa kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, magalimoto ndi ma spare zonse zinakwera, inu munatsala pa mtengo wakale. Amati average. Kuwerengera kwawo nkotere: galimoto ya 16 mwailipirira ngati ya 8, ndiye kuti theka lokha ndilo munawasenzetsa, theka linalo munasenza nokha osadziwa. Chilichonse chowonongeka mugawana pakati. 5 pakati ndi 2.5. Onani mu policy, chiganizo chimenecho mwina chilimo. Zagwera anthu ambiri chigwereni ndalama, ngakhale amene ngozi zawo zachitikira pa Area 18 pompa.

Madala a Thiraki: Koma Achemwali, apa musawaikire kumbuyo anzanu. Chaka chilichonse amalandira ndalama, galimoto amaidziwa, msika amaudziwa kuposa ife. Bwanji pa renewal sanena kuti bwana 8 yachepa? Podya ali chete, polipira ndiye atulutsa calculator.

Achemwali a Claims: Sindikuwaikira kumbuyo Madala. Makampani ena amalemba chenjezo pa kalata ya renewal, ena salemba, ndipo broker wabwino amayenera kukuimbira. Lamulo la mgwirizano limati mtengo amatchula ndi mwini galimoto. Koma pali pomenyera. Bambo a Chiso, 16 imeneyo aitenga kuti? X-Trail yanu ndi ya chaka chanji, yayenda bwanji?

Bambo a Chiso: 2012, makilomita 190,000 ndi kanthu.

Dolo wa pa Biwi: 16 ya chiyani? Imeneyo ndi ya yongotsika kumene pa Songwe, yonunkhira ku Japan. Ya 2012 yoti yadya misewu ya Kasiya zaka zonsezi, 12 kapena 13 ndiye kutalika kwake.

Achemwali a Claims: Ndi pomwepo. Nthawi zonse mwini galimoto amafuna mtengo ukwere, inu lero mukufuna utsike. Pezani makalata a ogulitsa magalimoto awiri kapena atatu, kapena mulipire woyesa mtengo wapadera. Ikakhala 12, gawo lanu ndi 8 pa 12, ndiye kuti pa 5 miliyoni akupatsani 3.3, osati 2.5. Lembani kalata yokana, mupemphe lipoti la assessor ndi mawerengedwe a excess iliyonse payokhapayokha, muone ngati policy ikulola kuziunjika zonse zitatu. Ndipo kapepala kaja amati discharge, kovomera kuti mwalandira zonse ndipo nkhani yatha, musasaine mpaka mutakhutira. Mukasaina mwatseka chitseko nokha.

Akakana kapena akangokhala chete, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, ndiwo amayang'anira makampani a inshuwalansi. Salipiritsa. Koma amafuna aone kuti munayamba mwadandaula ku kampaniko mwa kalata, nchifukwa chake ndimalimbikira za madeti odinda.

Namaseko wa ku Zomba: Ine ndikanalandira ngakhale 1.9 ndikanavina. Koma menyani bambo.

Nangozo wa ku 49: Ine ndathamanga kukaona pepala la Vitz yanga. Palembedwa K3.5 miliyoni. Ndakhala pansi.

Mjoni wa ku Turffontein: Nanga wa pickup uja anatha bwanji?

Bambo a Chiso: Anasiya kuimba a inshuwalansi atamutumizira munthu wokaona galimoto yake. Kotesheni yake yeniyeni inatuluka yosafika ngakhale theka la K50,000 ija. Mayi wa tomato faelo yake yatsegulidwa ku bureau, akudikira lipoti lomaliza la dokotala akachotsa pulasitala. A Mkamwini ndi amene akuwathandiza mapepala. Mlamu wanga ndiye sakubweranso kunyumba, akuti akuchita manyazi, mlongo wake wachita kukamutenga dzulo kuti adzadye nsima.

Mkamwini wa ku Chipata: Mumuuze mnyamatayo kuti anazemba munthu wamoyo, asadzione ngati chigawenga. Amalume aja akupereka moni, akuti chaka chamawa mukabwera ku Kulamba mudzagone kwawo.

Bambo a Chiso: Chaka chamawa ndikwera basi. A Dolo, ngati a inshuwalansi salipira zonse ndiye kuti zatsopano sindikwanitsa. Boneti ndi bampala zakale koma zabwino zingapezeke? Ma airbag okha ndikufuna enieni, za kumata ndi guluu ayi.

Dolo wa pa Biwi: Boneti ilipo, yasiliva. Yanu ndi yamtundu wanji?

Bambo a Chiso: Yakuda.

Dolo wa pa Biwi: Tipenta. Koma musayambe kumasula kalikonse Achemwali asanalole, assessor wachiwiri adzafuna aione momwe ilili.

Achemwali a Claims: Lero a Dolo mwanena zanzeru. Bambo, kalata ija mukalemba nditumizireni ku inbox ndiione isanapite.